Magazi Ochedwa Kukwera

Uthenga unamupeza Wamng'ono ali pansanja, akupenta khoma la nyumba yosanja imene kampani yawo inkamalizitsa. Foni inalira m'thumba la ovolosi, iye n'kuisiya ilire mpaka atamaliza mzere umene anauyamba, poti mzere ukausiyira pakati umauma ndi chipsera. Woimbayo anali mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, amene anthu ankawatcha a Wailesi chifukwa nkhani sinkagona m'kamwa mwawo.

"Alamu, mkulu wanu wagwa kuntchito. Tili kuchipatala."

"Wagwanso?"

"Ulendo uno simbi yamutsatira. Wapsa mkono."

Wamng'ono ndi Wamkulu anali mapasa, ofanana moti ngakhale tsopano, imvi zitayamba kutuluka, anthu ankapatsa moni wina poganiza kuti ndi mnzake. Anayamba kuwaitana choncho ndi mayi awo, chifukwa Wamkulu anatsogola kubadwa ndi kamphindi chabe. Wamkulu ankasita zovala pamalo ena ochapira, ataimirira tsiku lonse pakati pa nthunzi. Wamng'ono anali mkazi yekhayo m'gulu la openta, ndipo kuntchito ankadziwika kuti Mayi Penti.

Anamupeza mkulu wakeyo atakhala tsonga pabedi, mkono wamanja utakulungidwa bandeji kuchokera pachigongono mpaka padzanja. Wamkulu atangomuona anayamba kupepesa, ngati kuti kugwa ndi mlandu.

"Ndakujombetsa kuntchito. Ndinangowerama kutola shati imene inagwa pansi, n'kuweramuka. M'maso munangoti bii. Potsitsimuka n'kuti anzanga akundithira madzi, simbi ili pamkonopa."

"Ndimakuuza kuti usamadzambatuke ngati wakhalira munga," anatero Wamng'ono, uku akumukonzera pilo.

Kugwa kotereku sikunali kwachilendo m'banja mwawo. Mayi awo ankagwa podikira basi, ankagwa potsuka mbale, tsiku lina anagwa akulandira alendo pakhomo. Oyandikana nawo nyumba ankanong'onezana kuti amamwa mobisa, chonsecho mayiwo mowa sanaulawepo mpaka kumwalira kwawo. Wamkulu anayamba kugwa ali kusukulu, pamzere wa m'mawa. Wamng'ono yekha ndiye anali asanagwepo, ndipo ankazinena zimenezi mokweza.

Dokotala amene anabwera anali mayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Anayang'ana wodwalayo, n'kuyang'ana woimirira pambali pa bedi, n'kubwereranso kwa wodwalayo.

"Ndinu mapasa?"

"Ayi, tangokumana pakhomopa," anayankha Wamng'ono.

Dokotalayo anaseka, n'kukoka mpando. Anamufunsa Wamkulu za kugwa kwake, za mayi awo, za kutentha kwa kuntchito. Kenako anafotokoza.

"Munthu akaimirira, magazi amatsikira kumiyendo. M'khosimu, apa ndi apa," anadzigwira m'mbali mwa khosi, "muli timitsempha timene timamva kuti magazi achepa mphamvu. Nthawi yomweyo timatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umauza mtima kuti ufulumire, umauzanso mitsempha ya magazi kuti ifinyike, magazi n'kukwera kumutu. Zimachitika zokha, munthu osadziwa. Mwa inu, mayi, ntchito imeneyi imayenda mwaulesi. Pamene magazi azidzakwera, mutu wayamba kale kuzima, ndiye thupi limakugonekani pansi."

"Chimachititsa n'chiyani?" anafunsa Wamkulu.

"Zambiri. Kutentha, ludzu, kuimirira pamalo amodzi nthawi yaitali. Koma mbali ina ndi majini."

Wamkulu anatong'ola maso. "Majini, adokotala? Ine ndine munthu wopemphera."

"Osati amenewo. Ndikunena tizinthu ta m'thupi timene munthu amatengera kwa makolo, tomwe tinakupatsani mphuno zofananazi. Mapasa ngati inu tizinthu timeneti mumakhala nato tofanana. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuyezeni nonse awiri."

"Yezani wodwalayo," anatero Wamng'ono. "Ine ndimagwira ntchito m'mwamba, ndipo sindinagwepo."

"N'chifukwa chaketu ndikufuna kukuyezani."

"Inenso n'chifukwa chake sindikufuna."

A Wailesi anali ataima kumapazi kwa bedi, makutu ali tcheru. Ntchito yawo inali yoyendetsa lole, ndipo mchenga wa panyumba imene Wamng'ono ankapenta ankabweretsa ndi iwowo. Sabata isanathe, kapitawo wa pamalopo anali atamva zonse, ndi zowonjezera zomwe.

Kapitawoyo anali bambo wa mimba yaikulu, amene chikwezedwere udindo anali asanapondepo makwerero. Anamudikirira Wamng'ono m'mawa pansi pa nsanja.

"Mayi Penti, kuyambira lero muzikhala pansi. Muzisakaniza penti ndi kupala zitseko."

"Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Ndamva za kumtundu kwanu. Akuti mumagwa ngati mapapaya akupsa."

"Wagwa ndi mkulu wanga."

"Inu ndi iwo ndi munthu mmodzi wodulidwa pawiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine sindikufuna maliro pamalo panga."

"A Kapitawo, uja anathyoka mwendo pano chaka chatha anali ndi mkulu wake wokomoka? Anagwa chifukwa thabwa linali lowola. Thabwalo likadalipo m'mwambamo. Tsitsani limenelo."

"Mukabwera ndi mawu a dokotala akuti muli bwinobwino, mudzakwera. Ndatha."

Tsiku limenelo Wamng'ono analithera akupala zitseko, fumbi lili m'mphuno, uku akuona mwamuna amene kapitawo anamupatsa khoma lija akusiya mizere ngati nkhuku yapalasa. Lole ya mchenga itafika masana, anaisiya itsitse kaye, kenako anapita pawindo la dalaivala.

"Alamu, pakamwa panu pakufunika chitseko. Ndili nazo zambiri apo, ndikupalirani chimodzi."

"Ndimaganizira moyo wanu, alamu."

"Muziganizira mchenga."

Mawa lake anapita kuchipatala. Sanapite kukafuna thandizo. Anapita kukatenga mawu oti akamuponyere kapitawo kumaso.

Chipinda choyezera chinali chaching'ono, chozizira, chokhala ndi bedi lopapatiza la thabwa lopondapo kumapazi. Namwino anamugoneka chagada, anamumanga malamba pachifuwa ndi m'mawondo, n'kumumata timawaya pachifuwa ndi kachipangizo kena pachala. Dokotala uja anakhala pafupi ndi makina oonetsa kugunda kwa mtima.

"Bedili tiliimiritsa, inu muli pomwepo," anatero. "Ntchito yanu n'kungokhala phee. Osagwedeza miyendo."

Bedi linayamba kudzuka pang'onopang'ono mpaka Wamng'ono anapezeka ali chilili, mapazi ali pathabwa. Anayang'ana khoma la kutsogolo kwake n'kuona kuti amene analipenta sanamate ming'alu. Anamwetulira. Izi ndiye zomuopsezera munthu?

"Mayi, mukulimbitsa akatumba," anatero dokotala, maso ali pamakina.

"Sindikuchita kanthu."

"Mukukanikiza zala za kuphazi pathabwapo, ndipo ntchafu zanu zauma gwa. Masukani."

Wamng'ono anadabwa kuona kuti zinali zoona. Anamasula miyendo, ndipo inamveka yachilendo, ngati ya munthu wina. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kutentha kunayamba kukwera kuchokera m'mimba, malovu n'kudzaza m'kamwa. M'makutu munayamba kulira ngati muli udzudzu. Zimenezi ankazidziwa. Zinkabwera nthawi zina akanjuta nthawi yaitali kupenta m'munsi mwa khoma, ndipo ankangopingasa miyendo, kuluma mano, zikatha n'kupitiriza ntchito. Ankayesa kuti aliyense zimamuchitikira.

"Mukumva bwanji?"

"Bwino."

"Makinawa akunena zina."

"Makina anuwo ndi amene akudwala."

Ming'alu ya pakhoma ija inayamba kusungunuka. Chidima chinalowa kuchokera m'mbali mwa maso, n'kumatsekera pakati. Wamng'ono analimbana nacho, anayesa kutchula mayina a mitundu ya penti mumtima, koma anatha itatu yokha.

Anatsitsimuka bedi litagonanso, miyendo yake itakwezedwa, namwino akumupukuta thukuta pamphumi. Anayang'ana kudenga. Misozi inafuna kubwera, iye n'kuibweza.

"Mwapirira nthawi yaitali kuposa mkulu wanu," anatero dokotala, "koma mathero ake ndi amodzi. Chimene ali nacho, inunso muli nacho."

"Ndiye bwanji sindinagwepo?"

"Chifukwa chibadwa si nkhani yonse. Inu mumakwera ndi kutsika tsiku lonse, miyendo yanu ndi yolimba, ndipo minofu ikamagwira ntchito imakankhira magazi m'mwamba. Mkulu wanu amaima pamalo amodzi, m'nthunzi. Komanso thupi lanu linaphunzira lokha kudzilimbitsa likamva chizungulire. Mwakhala mukudzipulumutsa osadziwa."

"Ndiye mukawauze akuntchito kuti ndili bwino."

"Sindinganame. Simuli monga ena."

"Ndiye mukuti nditsike."

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. "Mukandifunsa ine, ndinena kuti pansi ndi pabwino. Koma ndakuonani, simumva. Ndiye mverani izi. Thupi lanu limakuchenjezani lisanazime, ndipo umenewo ndi mwayi umene ena alibe. Mukamva kutentha kuja, khalani pansi pomwepo, osachita manyazi. Muzimwa madzi ambiri. Mchere musamaumire, poti magazi anu sathamanga kwambiri. Mukanjuta, muzidzuka pang'onopang'ono. Dzuwa likakhala paliwombo, musakhale m'mwamba. Ndipo musadzakwerenso popanda lamba wodzimangirira. Pamenepo sindikukupemphani."

Malamba oterowo pakampanipo analipo. Ankakhala m'chipinda chosungira katundu, akadali m'mapulasitiki awo, ndipo ankatuluka pokhapokha kukamabwera oyendera ntchito. M'mawa mwake Wamng'ono analowa m'chipindamo, anang'amba pulasitiki, anavala lamba pamwamba pa ovolosi, n'kunyamula chidebe chake ndi botolo lalikulu la madzi. Kapitawo anamupeza ali kale pansanjika yachitatu, atakola chingwe kuchitsulo cha nsanja, akufafaniza mizere ya mnzake uja.

"Mayi Penti, mawu a dokotala ali kuti?"

"Ndili nawo," anayankha osatembenuka. "Akuti ndili nacho."

Openta ena anasiya ntchito n'kumamvetsera.

"Muli nacho, ndiye mukutani kumeneko?"

"Ndikupenta. Ine ndikudziwa chimene chingandigwetse, ndipo ndadzimangirira. Awa ali apawa sakudziwa chimene chingawagwetse, ndipo sanamange kanthu. Woopsa ndani pamenepa?"

"Tsikani."

"Ndikamaliza khomali."

"Ndati tsikani."

"Bwerani mudzanditsitse."

Wina mwa opentawo anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Kapitawo anagwira makwerero, anaponda sitepe yoyamba, anayang'ana m'mwamba, n'kubweza phazi. Anapita mu ofesi yake n'kumenyetsa chitseko.

Wamng'ono anapenta mpaka dzuwa litakwera, anatsika kukakhala pamthunzi monga anauzidwira, n'kukweranso litapendeka. Khoma analimaliza tsiku lomwelo. Atatsika komaliza, kapitawo anamuuza kuti nkhaniyo yafika kwa eni kampani, ndipo anena kuti asankhe: zitseko kapena geti.

"Geti ndalionapo, ndi lalikulu bwino," anatero Wamng'ono. Anavula lamba uja n'kumupatsa mwamuna wa mizere ija. "Uzivala. Ukagwa iwe alibe mtundu woti aunamizire."

Anatsuka mabulashi ake mosafulumira, anawakulunga m'nsanza, n'kutuluka.

Masabata otsatira anali owawa. Makampani ena anali atamva kale, poti nkhani ya mkazi wopenta amene amakomoka inkakoma kuifotokoza. Kulikonse kumene ankapita ankamuuza kuti anthu akwana. Wamkulu ankabwera kunyumba kwake akaweruka, mkono ukadali m'bandeji, n'kumadziimba mlandu.

"Ndikanapanda kugwa ine, bwenzi uli pantchito."

"Ukanapanda kugwa iwe, ndikanadzagwa ine, kuchokera pansanjika yachitatu. Siya kupepesa, umanditopetsa."

"Bwanji osangovomera zitseko zija? Ntchito ndi ntchito."

"Iwe unavomera zonse chibadwire, ndipo taona mkonowo."

Wamkulu anayang'ana bandeji yake. Wamng'ono anadziwa kuti walasa pachilonda, koma sanabweze mawuwo.

Anagula lamba wakewake kwa ogulitsa zida zakale, anabwereka makwerero, n'kuyamba kuyenda m'makwalala akuyang'ana nyumba zosuwa. Akapeza, ankagogoda. Sankabisa kanthu. Ankawauza eni nyumba kuti iye amayamba m'mamawa, masana amapuma, amafuna pokola chingwe, ndipo akadzamuona atakhala pansi mwadzidzidzi asadzaitane anthu. Ena ankatseka chitseko. Mayi wina wa sitolo ya nsalu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Amuna amene ndinawalemba chaka chatha ankakhala pansi tsiku lonse popanda matenda. Yambani mawa."

Panyumba ya sitolo imeneyo ndi pamene chinamupeza. Linali tsiku lotentha, ndipo kunali kutatsala kachigawo kakang'ono pansi pa denga. Madzi anali atatha m'botolo. Anadziuza kuti amalize kaye. Ananjuta padenga la khonde kusakaniza penti, n'kuimirira msanga kuti afikire pakona. Kutentha kuja kunabwera, m'makutu munalira, ndipo m'malo mokhala pansi anatambasula dzanja kuti apake kamodzi kokha.

Anatsitsimuka akulendewera m'mbali mwa khoma, lamba atamukoka m'ntchafu ndi m'mapewa, mapazi ali m'malere. Chidebe chinali pansi, penti atamwazika pakhonde lonse. Mayi wa sitolo uja anali ataima m'munsi, atagwira pakamwa, ndipo anthu odutsa anali atayamba kusonkhana.

"Ndiitane ambulansi?"

"Ayi. Sendezani makwererowo kuno."

Anatsika yekha, n'kugona chagada pakhonde, miyendo ataisanjika pampando. Anthu ankamuyang'ana. Iye anawayang'ananso mpaka anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Atapeza mphamvu anapempha madzi, anamwa, n'kuyamba kupala penti amene anatayika asanaume.

"Mubweranso mawa?" anafunsa mwini sitolo, mokayika.

"Pakona paja sipanathe. Koma ndibwera m'mawa, ndi mabotolo awiri. Lero ndinachita makani ndi thupi langa, landionetsa."

Madzulo ake anapita kwa Wamkulu n'kumuonetsa mikwingwirima imene lamba anamusiyira m'mapewa. Anamufotokozera zonse, osachotsapo kanthu.

"Ndiye wagwa," anatero Wamkulu.

"Ndagwa. Koma sindinafike pansi."

"Ukweranso?"

"Mawa."

Wamkulu anamupaka mafuta m'mapewamo. A Wailesi anasuzumira pakhomo, anatsegula pakamwa, koma akazi awiriwo atawayang'ana ndi nkhope imodzi, anatseka n'kubwerera panja.

Patapita masiku angapo, Wamng'ono ankadutsa pafupi ndi malo ochapira zovala aja, makwerero ali paphewa, ndipo anaganiza zolowa kuti amwe madzi. Mkati munali nthunzi ndi fungo la sopo. Ositawo anali pamzere wawo, onse chilili, kupatula mmodzi. Wamkulu anali atakhala pampando wautali, wa miyendo yachitsulo, umene anachita kubwera nawo kuchokera kunyumba. Pambali pake panali botolo la madzi. Simbi inkayenda pashati bwinobwino.

Mwini malowo, bambo woonda wa tayi, anali ataima kumbuyo kwake.

"Mayi, ndanena kale dzulo. Pano sitisita titakhala. Makasitomala akaona aziti ndife aulesi."

Wamkulu anatembenuza shati, n'kuyamba kolala.

"Mukundimva?"

"Ndikukumvani, bwana."

"Ndiye imirirani."

"Ayi."

Liwulo linatuluka laling'ono, koma linamveka mpaka kumapeto kwa mzere. Wamng'ono, amene anali atatsamiritsa kale makwerero kuti alowerere, anaima pomwepo.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, bwana. Ndikaimirira ndigwa, ndipo ulendo wina simbi idzagwera pa diresi la kasitomala. Onani mashati ndasitawa. Mukapezapo khwinya, ndiimirira."

Bamboyo anatenga shati imodzi pamulu, anaitembenuza uku ndi uku, anatenga ina, n'kuibwezera. Anayang'ana ositawo, amene onse anali ataweramira ntchito zawo mwakhama lachilendo. Potembenuka anaona mkazi wina pakhomo, wa nkhope yomweyo, atavala ovolosi yothimbirira penti.

"Inunso mukufuna chiyani?"

"Madzi akumwa," anatero Wamng'ono.

"Mpandowo usatseke njira," anatero bamboyo kwa Wamkulu, n'kulowa mu ofesi.

Wamkulu anausendeza mpandowo pang'ono, mwaulemu. Kenako anaimika simbi kuti apume. Mayi wa pambali pake, wa miyendo yotupa, anaweramira kwa iye n'kufunsa monong'ona kumene anagula mpandowo.

Wamng'ono anamwa madzi m'botolo la mkulu wake, anapukuta pakamwa, n'kumuuza kuti miyendo ya mpandowo yachita dzimbiri, adzabwera Loweruka kudzaipenta. Kenako ananyamula makwerero ake, poti kunali nyumba ina kuseri kwa msika imene mwini wake anati akaione dzuwa lisanakwere.